Mlatho wa pa Mtayamoyo Umangidwe

Mtsinje wa Shire ugawa boma la Nsanje pawiri. Kumadzulo kuli Bangula ndi msewu waukulu wopita ku Nsanje ndi ku Blantyre. Kum'mawa kuli dziko la Mfumu Mlolo, ndiko ku Makhanga, ku Muona ndi ku Chiromo, pamene Ruo athira m'Shire. Anthu a tsidya ili ndi a tsidya lija ali fuko limodzi, ndipo bwanamkubwa wao ali mmodzi. Koma kuonana kwao kwakhala kwa pa bwato.

Kale sizinali chomwecho. Njanji yochokera ku Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo inkaoloka Shire pa Chiromo. Thonje ndi mpunga zinkakwera sitima, ndipo Chiromo anali mudzi wa malonda. Tsono m'chaka cha 1997 madzi osefukira anang'amba mtumbira wa njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, nadula njanji ndi msewu pamodzi. Malowo atchedwa Mtayamoyo. Zinapita zaka zoposa 25, maboma anasinthana, koma mlatho sunaoneke.

Kodi mpata umenewu udya ndalama za yani? Udya za mlimi. Wofuna kuchoka ku Muona kupita ku Bangula pa galimoto ayenera kukwera kumpoto kufikira ku Thabwa, kuoloka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ndi kutsikanso kudzera ku Nchalo ndi ku Ngabu. Ulendowo upitirira makilomita 100, chikhalirecho malo awiriwo ayandikana. Wosafuna kuzungulira atsitsa thumba lake pa doko, nalipira mwini bwato, nalipiranso wa njinga tsidya linalo, m'madzi mmene muli ng'ona ndi mvuu. Wogula mbeu adziwa zonsezi, ndipo achotseratu mtengo wa ulendo pa mtengo wa mpunga. Potero mlimi agulitsa motsika. Koma mchere, sopo ndi feteleza zidzera njira yomweyo, ndipo zifika zitakwera mtengo. Munthu mmodzi alangidwa kawiri, pogulitsa ndi pogula.

Alipo ena amene amati, "Dzikolo lilibe magalimoto ambiri, ndalama zipite kumene kuli malonda." Mau amenewa ayamba ndi kumchira. Magalimoto achepa chifukwa njira palibe. Palibe munthu wanzeru amene angamange sitolo yaikulu kapena chigayo cha mpunga kumene lole silifika m'dzinja. Kumana dziko msewu, ndi kulitonza pambuyo pake kuti liribe malonda, kufanana ndi kumana mwana phala ndi kumdzudzula kuti waonda.

Ena amati, "Chigwacho n'cha madzi, chomangidwa lero chikokoloka mawa." Zoonadi madzi a m'chaka cha 2015, ndi namondwe Freddy m'chaka cha 2023, anasautsa kwambiri anthu a ku Makhanga. Koma masiku amenewo ndiwo anaonetsa kufunika kwa njira, pakuti chakudya ndi mankhwala zinavuta kufika kwa anthu ozingidwa ndi madzi. Mtsinje waukali usowa mlatho wautali ndi wolimba. Zambezi aposa Shire kutalitali, koma mlatho wa Dona Ana unatha kumangidwa pa iye m'chaka cha 1935.

Enanso amati ndalama palibe. Komatu m'mwezi wa Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko lalikulu la sitima za pamadzi ku Nsanje, pamaso pa atsogoleri a Zambia ndi Zimbabwe. Sitima imene anthu anaiyembekeza inaimitsidwa ku Mozambique, ndipo dokolo silinagwire ntchito imene analimangira. Ndalama za doko zinapezeka pamene Mtayamoyo anali atakhala zaka 13 chiphwasukire, m'boma lomwelo. Chosowa sichinali chuma chokha, koma mtima wokumbukira anthu akutali. Ndiponso pa mtengo wa petulo ndi dizilo pali msonkho wa misewu. Mai wa ku Muona akakwera matola, gawo la ndalama yake lilowa m'thumba limenelo. Iye sapempha mphatso. Afunsa za chake.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lonjezo la pa msonkhano wa chisankho ndi fodya wa pachala. Mlatho weniweni uyamba pamene dzina lake lalembedwa m'ndondomeko ya chuma cha Boma, ndi chiwerengero cha ndalama pambali pake.

Apa ndipo pali ntchito ya munthu amene waphunzira kuwerenga ndi kulemba atakula. Iye angathe kulembera phungu wake kalata, mafumu ndi anthu a m'mudzi nasaina. Angathe kufunsa kwa khansala kuti ntchito iyamba mwezi uti, ndipo ndalama zake zichokera kuti, nalemba yankho m'buku pamodzi ndi tsiku lake. Phungu akadzabwera kudzapempha mavoti, bukulo litsegulidwe, ndipo mau ake awerengedwe mokweza pabwalo, iye ali pomwepo.