Golosale ya pa Chambe Siyofunika Kuinyoza

Anzanga ambiri pano pasukulu ya ukachenjede amakhulupirira kuti munthu wozindikira amagula katundu m'sitolo zikuluzikulu za m'tawuni kapena pa intaneti, ndipo golosale ya kumudzi ndi ya anthu osowa kolowera. Ine ndine wa ku Chambe, m'boma la Mulanje, ndipo maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Sindikukana kuti sopo ndi shuga nthawi zambiri zimatsikirako mtengo m'sitolo zazikulu. Chomwe ndikukana n'chakuti mtengo wolembedwa pashelefu ndiwo mtengo wonse wa chinthu.

Tiyeni tiwerengere ulendo wake. Munthu wa pa Chambe akafuna kukagula ku Limbe kapena ku Chichiri amayamba wakwera kabaza kapena galimoto yodutsa pa Likhubula mpaka pa Chitakale, kenaka minibasi. Pobwerera kondakitala amalipiritsanso katundu. Tsiku lathunthu lapita, kumunda sikunapitidwe. Ngati wapulumutsa ndalama pang'ono pa botolo la mafuta ophikira, ndalamayo yathera m'njira kalekale. Ulendo wotere umapindulira munthu amene ali ndi ndalama zogulira zinthu za mwezi wonse nthawi imodzi, ndipo anthu otere kwathu ndi owerengeka.

Ambiri amapeza ndalama ya tsikulo, mwina atagulitsa nanazi kapena nthochi, mwina atagwira ganyu. Amene amadziwa moyo umenewu ndi mwini golosale ndi mwini okala. Iyeyu amatsegula paketi ya shuga n'kumayeza pang'onopang'ono, amathira mafuta m'timachubu, amadula sopo wamtanda m'zidutswa. Anthu ophunzira amati kugula motere n'kokwera mtengo, ndipo masamu awo ndi oona. Koma mayi amene ali ndi ndalama yokwanira kachubu kamodzi safuna masamu, akufuna ndiwo zipse madzulo ano.

Palinso kabuku ka ngongole. Mayi anga akhala akutuma ana kugolosale ndi mawu okha akuti, "Mukawauze bambo aja alembe, ndidzapereka pakutha pa mwezi." Mchere umabwera. Maliro akagwa usiku, achibale amakagogoda pakhomo pa mwini golosale yemweyo, iye n'kutsegula kuti atenge makandulo ndi masamba a tiyi, za ndalama zikambidwa mawa. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, anthu amadalira zomwe zinali m'mashelefu a pafupi. Kodi makina owerengera ndalama a m'sitolo yaikulu anayamba amverapo munthu chisoni?

Mbiri nayonso ili ndi phunziro lake. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linachotsa amalonda achimwenye m'madera akumidzi kuti malonda akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo sitolo zambiri zinatsala mabwinja. Mpata wina unadzazidwa ndi PTC ya kampani ya Press komanso Chipiku. Makolo athu ankaona ngati PTC sidzatha, koma mu 2022 Press Corporation inaigulitsa ndipo sipanapite nthawi sitolo zake zinatsekedwa. Shoprite ya ku South Africa, yomwe inafika m'dziko muno mu 2001, inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa sitolo zake za kuno. Kampani yaikulu imayang'ana phindu ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni ake amayamba kuganiza zolongedza. Mwini golosale wa pa Chambe alongedza apite kuti? Ana ake ali pasukulu pomwepo, manda a makolo ake ali pomwepo.

Za pa intaneti sindichulukitsa mawu. Kwa ambiri a ife kugula pa intaneti ndiko kuona chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kutumiza ndalama pafoni kwa munthu amene sitinamuonepo. Ine ndinatero chaka chatha pofuna nsapato. Zomwe zinafika zinali zina, zazing'ono, ndipo nambala ya wogulitsayo inasiya kupezeka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngakhale wogulitsa atakhala wokhulupirika, kumudzi kulibe manambala a nyumba, choncho katunduyo ukamulandirirabe kuboma kapena ku Limbe.

Komatu eni magolosale asaone ngati ndikuwaikira kumbuyo pa zonse. Ena mwa iwo amasunga zinthu zoti masiku ake anatha, n'kumagulitsa kwa agogo osatha kuwerenga. Shuga atasowa mu 2024, ena ankakweza mtengo mopanda manyazi podziwa kuti tilibe kothawira. Risiti sapereka, moti wayilesi ikafa patangotha sabata umangouzidwa kuti waiwononga wekha. Pamenepa sitolo yaikulu imawaposa, chifukwa mtengo ndi wolembedwa ndipo uli ndi pepala lokadandaulira nalo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. N'chifukwa chake malata, solala kapena foni yodula ine ndimakagula komwe andipatsa risiti, ngakhale kutalike. Tisaiwalenso kuti mwini golosale naye amakaoda katundu wake kumaholoselo omwewo a m'tawuni, ndiye mtengo wake sungatsike kuposa wa kumene wapikula.

Koma zinthu za tsiku ndi tsiku, mchere, machesi, sopo, ndimagula pa Chambe, ndipo ndikapita kutchuthi ndimayamba ndafunsa ngati dzina la mayi anga likadali m'kabuku kaja. Ulendo wapitawu linalimo, ndi shuga wa mapaketi awiri. Ndinalipira, bambo aja n'kundiponyera maswiti atatu a basela.