Gule wa Amayi Amene Anakana Kumwetulira

Pali anthu ena amene akaona gule wamakono pa kanema amapukusa mitu, namanena kuti ovinawo agwidwa ndi mizimu. Kwa iwo gule weniweni ndi wosangalatsa maso, wa ng'oma yolira bwino ndi akazi omwetulira. Koma uyu wodzigwetsa pansi, wopumira m'mwamba ndi wogubuduzika m'dothi, amati ndi misala ya azungu okhuta. Chiweruzo chotere chimagwa msanga, kawirikawiri munthu asanaonere ngakhale mphindi zisanu, ndipo chimabisa dandaulo lina limene eni akewo salitchula poyera: ambiri mwa amene anaumba gule ameneyu anali akazi, ndipo akaziwo anakana kuvina kuti angosangalatsa anthu.

M'chaka cha 1930, mumzinda wa New York, Martha Graham anaonetsa gule wotchedwa Lamentation. Mayiyu sanadumphe kapena kuzungulira bwalo ayi. Anakhala pabenchi atadzikuta m'nsalu yotanuka yonga thumba, kumangooneka nkhope, manja ndi mapazi, nayamba kulimbana ndi nsaluyo ngati munthu wofuna kutuluka m'khungu lake. Aliyense amene anaonapo mayi wofedwa akudzipinda m'nyumba ya siwa sangafunse tanthauzo la gule ameneyu. Pamene boma la Nazi linamuitana kuti akavine ku Germany pa chikondwerero cha masewera a Olympic mu 1936, Graham anakana, pakuti boma lomwelo linkazunza Ayuda pamodzi ndi amisiri anzake. Wamisala sakana ulemu pa chifukwa chotere.

Mnzake Katherine Dunham, mayi wachikuda wa dziko lomwelo, anafika patali kuposa apo. Anaonetsa ku Santiago, m'dziko la Chile, gule wotchedwa Southland, wosimba za munthu wakuda amene anamunamizira kuti wagwirira mkazi wachizungu, nampachika pamtengo popanda bwalo la milandu. Akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wa America anapsa mtima kwambiri, ndipo guleyo sanavinidwe kwawo kufikira mwini wake anamwalira mu 2006. Kodi gule wopanda tanthauzo angakwiyitse kazembe? Anthu sathamangitsa chinthu chimene sakuchimva. Amathamangitsa chimene achimva bwino lomwe. Nzodabwitsatu kuti odandaula aja sadandaula akaona amayi atavala nsalu za chipani akuvina padzuwa tsiku lonse kudikira mtsogoleri. Pamenepo amati ndi chikhalidwe. Mkazi akavina kutamanda wamkulu, bwalo limaomba m'manja. Akavina kufunsa funso, bwalo lomwelo limati wapenga.

Funso loopsa koposa analifunsa Pina Bausch wa ku Germany, amene anatsogolera gulu la ovina mumzinda wa Wuppertal kuyambira 1973 mpaka imfa yake mu 2009. Mu 1975 iye anapeka gule wake pa nyimbo ya Igor Stravinsky yotchedwa The Rite of Spring, yosimba za namwali woperekedwa nsembe kuti nthaka ibale. Bausch anathira dothi lakuda pansanja ponse. Ovina amayamba ali oyera, koma thukuta likatuluka dothilo limamatirira pankhope ndi pazovala, ndipo kupuma kwawo kumamveka kwa oonerera. Pakati pawo pamakhala diresi lofiira. Atsikana amapatsirana diresilo mwamantha, aliyense akuyandikira mwamuna amene ati asankhe, aliyense akubwerera chothawa, mpaka mmodzi agwidwa pamkono. Wosankhidwayo amavala chofiiracho navina yekha kufikira atagwa, anzake onse ali chilili kumuyang'ana. Palibe amene amatambasula dzanja. Munthu woti waonera zimenezi n'kunenabe kuti sanamve kanthu, mwina sanaonepo mudzi ukukhala chete pamene mwana wamkazi akukwatiwitsidwa kuti abweze ngongole ya makolo ake.

Akasowa chonena, otsutsawo amathawira ku mfundo ina: zonsezi nzachizungu, ndipo Mwafirika wozivina wagulitsa mwambo wake. Mfundoyi ili ndi kachoonadi, pakuti alipodi ovina amene amangotengera za kunja ngati nyani pagalasi. Komatu siigwira pa Germaine Acogny. Mayiyu anabadwira ku Benin mu 1944 nakulira ku Senegal. Anatsogolera sukulu ya Mudra Afrique ku Dakar kuyambira 1977 mpaka 1982, ndipo pambuyo pake anamanga sukulu yakeyake, École des Sables, m'mudzi wa asodzi wa Toubab Dialaw. Kavinidwe kamene amaphunzitsa kamachokera m'magule a kumadzulo kwa Afirika, ndipo phata lake ndi msana: umapindika ndi kuyenda ngati funde, mapazi atazikika pansi monga mlambe. Ophunzira ake amavinira pamchenga. Azungu nawonso amakwera ndege kukaphunzira kwa iye, ndipo mu 2021 chikondwerero cha zaluso cha ku Venice chinampatsa mphoto ya Golden Lion chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Tsono wotengera mnzake ndani pamenepa?

Ndi pasukulu imeneyi pamene ovina oposa 30 ochokera m'mayiko oposa 10 a mu Afirika anasonkhana mu 2020 kuti aphunzire gule wa Bausch uja. Mliri wa Covid-19 unatseka malire atatsala pang'ono kuonetsa, motero asanabalalike anakavina komaliza pagombe la nyanja dzuwa likulowa, mchenga ukulowa m'malo mwa dothi la ku Wuppertal. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti mwini mudzi akabwereka kalumoko wasanduka mlendo. Pamene guleyo anayamba kuonetsedwa m'mizinda ya ku Ulaya mu 2021, Acogny mwini wake ankatsegulira bwalo pamodzi ndi Malou Airaudo, amene anavinapo m'gulu la Bausch. Onse awiri anali atapitirira zaka 70, ndipo ankavina mofatsa, akugwirana ndi kutsamirana, achinyamata aja asanalowe m'dothi.