Sipuleya ya kumunda ikalowa m'nyumba

Omvera athu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, tikambeko za sipuleya, ija yoberekera kumsana ya malita 16. Chiyambireni pomwe mbozi zachilendo zinagwa m'chimanga mu 2017, yafala m'makomo ambiri, ndipo anthu amangobwerekana ngati khasu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ntchito yake ya pakhomo. Kuno kuchigwa kumatentha, nsikidzi ndi mphemvu zimaswana msanga, ndiye ena amatenga mankhwala otsala a thonje n'kupopera mphasa, makoma, ngakhale kuchipinda kogona ana. Chonde musatero. Mankhwala a kumunda sanapangidwire m'nyumba. Mankhwala ogwiritsa ntchito m'nyumba alipo, olembedwa bwino pabotolo, ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Aja othiridwa m'mabotolo a zakumwa pamsika asiyeni.

Popopera masamba kapena mitengo ya zipatso, dzukani m'mamawa mphepo isanayambe, kapena dikirani madzulo njuchi zitachoka. Kukakhala mwera, ingosiyani. Valani malaya a manja aatali, nsapato ndi chotchinga pakamwa. Kamlomo kakatsekeka, musakapemerere ndi pakamwa. Tsukani ndi madzi.

Nanga kotsukira sipuleya? Osati kumtsinje. Mtsinje wa Namikokwe umathirira mpunga wa pa sikimu ya Bwanje, amayi amachapamo, ana amasambamo, ndipo madzi a chigwa chino amathera m'nyanja. Mankhwala ngati Cypermethrin, ngakhale pang'ono chabe, amapha nsomba. Tungani madzi, mukatsukire sipuleyayo kumunda katatu, botolo lopanda kanthu muliboole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira.