Gule wa ku Mkaika akagulitsidwa, adye ndani?

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Makanja akangolowa m'bwalo, mafoni mazanamazana amakwera m'mwamba, ndipo fumbi lisanatsike kanema amakhala atafika kale pa Facebook ndi YouTube. Ambiri amajambula kuti akaonetse abale kumudzi. Ena amakadula zidutswa n'kuziika m'nyimbo zawo, m'mauthenga otsatsa malonda, kapena pa malaya ogulitsa kwa alendo. Eni dambwe, oomba mbalule ndi amayi oyimbira gule amabwerera ndi zosupa zokha.

Lamulo la Zambia la 1994 loteteza umwini wa nyimbo, mabuku ndi zojambula silinalembedwe poganizira gule. Limateteza mwini amene anapeka ntchitoyo, ndipo nyimbo imatetezedwa mpaka zaka 50 mwiniyo atamwalira. Kasiyamaliro alibe munthu amene angaimirire n'kunena kuti ndinamupeka ndine. Choncho wojambula ndiye amakhala mwini kanema, pamene gule wojambulidwayo amaoneka ngati wopanda mwini. Ngakhale ulemu umene UNESCO inapereka mu 2005, n'kulemba gule wamkulu m'kaundula wake mu 2008, sunapatse aliyense mphamvu yoletsa kapena yolipiritsa.

Mpata umenewu ndi umene mayiko a bungwe la ARIPO, loona za umwini wa nzeru ndi zaluso mu Africa, anafuna kutseka pa mgwirizano wa ku Swakopmund mu 2010. Zambia inatsatira mu 2016 ndi lamulo la nambala 16 loteteza nzeru za makolo, zachilengedwe ndi zaluso za chikhalidwe, limene limayendetsedwa ndi bungwe la boma la PACRA. Mfundo yake ndi yomveka: wofuna kupanga malonda ndi chikhalidwe cha anthu ayambe wapempha, ndipo phindu agawane ndi eni ake.

Amene amati lamuloli ndi la azungu sanaganize bwino. Achewa akhala akupempha chilolezo cha gule kuyambira kalekale. Si nyakwawa aliyense amene amatulutsa gule. Ayenera kukhala ndi mzinda, ndipo mzinda amachita kulandira kwa mfumu yaikulu atapereka zofunika. Nthawi yake imadziwika: pa maliro, pa chinamwali, pa kulonga ufumu, pomanga chiliza. Munthu wosameta sayandikira dambwe. Ngati mudzi woyandikana nawo umapempha, kampani ya ku Lusaka ingatenge bwanji chabe? Ku South Africa, Solomon Linda anajambula nyimbo ya Mbube mu 1939, inalemeretsa ena kunja, iye n'kumwalira wosauka mu 1962. Banja lake linagwirizana ndi ogwiritsa nyimboyo mu 2006. Uyu anali ndi dzina. Nanga mtundu wonse? Komweko, mu 2019 olima ndi ogulitsa tiyi wa rooibos anavomera kupereka 1.5 peresenti ya mtengo wa pamunda kwa a Khoi ndi a San. Ndiye kuti zotere zimatheka.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo ndimazimva. Gule sanakule chifukwa chotsekeredwa. Anaona tchalitchi n'kutulutsa Maliya, anaona mzungu wopsa ndi dzuwa n'kutulutsa Simoni, anaona galimoto nayo n'kuilowetsa m'bwalo. Gule amabwereka, amaseka, amadzudzula. Lamulo likagwiritsidwa ntchito mouma, woyamba kupweteka sadzakhala kampani yokhala ndi maloya. Adzakhala mnyamata wa ku Sinda amene waika kamvekedwe ka ng'oma za kwawo m'nyimbo yake, amene alibe ndalama yokwerera basi kukafunsa chilolezo ku ofesi.

Vuto lalikulu ndi la mwini. Ndalama zikabwera, alandire ndani? Kalonga, mfumu ya mzinda umene gule wake wajambulidwa, kapena dambwe lenilenilo? Ku Malawi lamulo limaika umwini wa zachikhalidwe m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, pamene la Zambia limayang'ana kwa eni chikhalidwe. Mchewa wa ku Vubwi ndi wa ku Mchinji amavina gule mmodzi, koma malamulo awo amathera pa malire. Wofuna kuzemba angangonena kuti anajambula kutsidya. Palinso nkhani ya chinsinsi: kaundula amathandiza pa mlandu, koma za ku dambwe sizilembedwa pa fomu, ndipo palibe mkulu wa gule amene angazilembe.

Kunja nakonso chithandizo n'chochepa. Pangano limene mayiko anagwirizana ku WIPO, bungwe la dziko lonse loona za umwini wa nzeru ndi zaluso, ku Geneva pa 24 Meyi 2024, limene Malawi anali woyamba kulivomereza, limakakamiza ofuna patenti kuulula kumene anatenga zomera ndi nzeru za makolo. N'lofunika kwa asing'anga ndi alimi, koma silikhudza magule ndi nyimbo, zimenezo akukambiranabe.

Ine ndikuona kuti lamulo la 2016 n'loyenera, koma lisiyanitse anthu. Wojambula ndi foni kuti atumize kwa malume ake, mphunzitsi, woyimba wa m'dera lomweli, asiyidwe. Kampani yotsatsa malonda, wopanga filimu yogulitsa kunja ndi wosindikiza nkhope za gule pa katundu wambiri, awa apemphe ndipo alipire. Kukana nako kulemekezedwe, chifukwa pali zilombo za pa maliro zimene siziyenera kutsatsa mowa ngakhale wina atabwera ndi ndalama zochuluka motani.

Ndalamazo zisathere ku ofesi, ndiponso zisathere kunyumba ya mfumu. Zilembedwe poyera, gawo lalikulu lifike ku mizinda imene gule wake wagwiritsidwa ntchito, kuphatikizapo amayi oyimba, amene nthawi zambiri amaiwalika pogawa. Za malire, malo okambirana alipo kale: ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mafumu a mayiko atatu amakhala pamodzi chaka ndi chaka, akuluakulu a maboma alinso pomwepo. Kumeneko angagwirizane chilolezo chimodzi chogwira ntchito ku Katete, ku Dedza ndi ku Tete, kenaka n'kuuza PACRA ndi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso ku Malawi, kuti achilemekeze.