MISEU YA KU CHIFUBU SI KHOLA LA MALOLE

Munthu wocokera ku Katete kapena ku Petauke akapita kukaceza kwa abale ake ku Chifubu, mu mzinda wa Ndola, amaona cinthu cimene anacizolowera kale kwao pa mseu wa Great East. Dzuwa likalowa, malole okoka ngolo zazitali, mabasi ndi maminibasi amandanda m'mbali mwa miseu, ndipo ena amagona pomwepo kufikira mmawa. Mcitidwe umenewu suyenera kulekereredwa, pakuti mseu ndi wa anthu onse.

Bvutoli liri ndi gwero lake. Ndola ndi mphambano ya njira zazikulu. Katundu wopita ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Chingola, ndiponso wopita m'dziko la Congo kudzera pa Kasumbalesa, amapyola mu mzindawu. Dera la Chifubu liri kumpoto, kumene kuli mseu wa ku Mufulira ndi cipata ca Sakania. Mpope wa mafuta wa TAZAMA, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968 kucokera ku Dar es Salaam, umathera ku Ndola komweko, ndipo ndico cifukwa cake akasinja a mafuta sasowa mu mzindawu.

Mabasi nawo ali ndi mbiri yao. Kampani ya Boma ya UBZ inali ndi mabwalo ake osungiramo mabasi usiku. Itatha kampaniyo m'caka ca 1995, nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa eni maminibasi, amene ambiri a iwo alibe bwalo. Basi imagona pamene woyendetsa wake amagona.

Zoipa zake nzoonekeratu. Coyamba, lole yoima imachinga maso. Mwana wopita ku sukulu akaturukira kuseri kwa ngolo, woyendetsa galimoto amamuona atafika kale pa iye. Usiku, ngolo yopanda nyali imakhala ngati khoma pakati pa njira, ndipo nthambi za mitengo zimene ena amaika pa mseu sizioneka mumdima monga momwe zimaonekera zizindikiro zofiira za makona atatu zimene lamulo limafuna.

Caciwiri, lole yodzaza imaloledwa kulemera kufikira matani 56. Miseu ya m'komboni sinamangidwire katundu wotere. Phula limasweka m'mbali, ngalande zimagumuka, ndipo dzinja likafika madzi amalowa m'nyumba za anthu. Ndalama zokonzera zimacokera m'thumba la aliyense wopereka msonkho, ngakhale amene alibe njinga yomwe.

Cacitatu ndi moto. M'mwezi wa November 2016 anthu a ku Caphiridzange, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anaona cimene kasinja angacite. Lole ya mafuta inali itaima, anthu anaunjikana kuti atungeko, ndipo inaphulika nipha anthu oposa 70. Kasinja wogona pafupi ndi nyumba zimene amai amaphikira pa mbaula ndi tsoka longodikira tsiku lake.

Malamulo alipo. Lamulo la za pa mseu la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limaletsa kusiya galimoto pamalo pamene ingabweretse ngozi. Lamulo la misika ndi masitesheni a mabasi la 2007 linaika dongosolo la kayendetsedwe ka masitesheni. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera ao. Cosowa ndi kuwagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku, mopanda tsankho.

Komabe woyendetsa lole naye ali ndi mau ake, ndipo ayenera kumvedwa. Munthu amene wayenda kucokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam ayenera kupuma, cifukwa woyendetsa wa tulo ndi woopsa kuposa lole yoima. Pamene Boma linaletsa mabasi ndi malole kuyenda usiku m'caka ca 2016, kuyambira 21 koloko kufikira 5 koloko mmawa, zinaonekera poyera kuti malo oimikapo ndi ocepa. Palinso amai ogulitsa nsima ndi anyamata olondera magalimoto amene amapezera pomwepo cakudya ca ana ao. Kungothamangitsa malole ndi kusamutsira bvuto ku komboni ina.

Motero Khonsolo ya Ndola iyenera kuyamba ndi kupatula mabwalo okwanira kunja kwa malo okhalamo anthu, okhala ndi mpanda, nyali, madzi, zimbudzi ndi alonda, pa mtengo umene munthu angathe kulipira. Ogulitsa zakudya apatsidwe malo m'mabwalo momwemo. Akasinja a mafuta akhale ndi bwalo laolao, kutali ndi nyumba, sukulu ndi misika. Kenaka paikidwe zikwangwani zooneka bwino pa miseu yolowera m'komboni, kuti pasakhale wonena kuti sanadziwe. Zimenezi zikacitika, cilango cigwere mwini galimoto, osati wanchito wake yekha, pakuti amene amadya phindu la ulendo ndiye ayenera kulipirira pogona pa galimoto yake. Mwini basi asonyeze kumene basi yake idzagona asanapatsidwe cilolezo.

Nkhaniyi siya ku migodi kokha. Ku Katete, kumene mseu wa ku Chanida umakumana ndi wa Great East, ku Sinda ndi ku Chipata, malole amagonanso m'mbali mwa mseu pamene alimi amayendetsa ngolo za ng'ombe ndi njinga m'bandakuca. Mafumu, makhansala ndi makomiti a citukuko m'mawodi ayenera kukambirana za malo oimikapo malole maliro asanacitike. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.