Musanagule tuzida tomangilila pa Instax, dziwani cimene cimadula mitu

Makamela a Instax afala pa ma kitchen party, pa ma graduation ndi pa maphwando a birthday, ndipo pamodzi nawo kwabwela tuzida tomangilila pa kamela: tumagalasi todzionela, tumalenzi tojambulila pafupi, ndi tumafelemu twa pulasitiki toika pamwamba kuti munthu azilozela bwino. Ogulitsa pa Facebook amati mukagula tonse utu, zithunzi zodukila mutu zidzatha. Ine niona kuti tuwili cabe ni tumene tuyenela ndalama zanu, ndipo kafelemu sikali pa tuwili tumeneto.

Vuto lili pa mapangidwe a kamela. Pa Instax Mini, kawindo kamene mumasuzumilamo kali pakona, pamwamba, pomwe lenzi yojambula ili pakati. Diso lanu ndi lenzi siziona kucokela pamalo amodzi. Imikani cala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo: cala cimadumpha. Yang'anani mtengo uli kutali mwanjila imodzimodzi, sudumpha kwenikweni. Ojambula amacha zimenezi parallax. Ndiye cifukwa cake cithunzi ca banja lonse litaimilila patali cimatuluka bwino, koma ca keke kapena ca nkhope ya mnzanu cimathawila kumbali.

Pa foni mukanangofafaniza n'kujambulanso. Pano paketi ya filimu ili ndi mapepala 10 cabe, ndipo lililonse likatuluka, latuluka. Kwa wacinyamata amene amajambula alendo pa ukwati n'kuwagulitsa zithunzi pamenepo, pepala limodzi lowonongeka ni phindu limene lapita, cifukwa palibe amayi amene adzalipila cithunzi cimene duku yawo yadukila pakati.

Manje ganizilani kafelemu koika pamwamba. Kamakuonetsani malo aakulu kuposa kawindo kaja, ndipo kwa ovala magalasi a maso kamapeputsako zinthu, sinikana. Koma kali kutali ndi lenzi kuposa kawindo ka kamela, conco mukafika pafupi kusiyana kuja kumangokula. Kusiyanako kumasinthanso malinga ndi mtunda. Kacipangizo kosasuntha kangalondole pa mtunda umodzi, mukasendela pang'ono kanama.

Kagalasi kodzionela n'kosiyana, cifukwa kamakhala pafupi kwambili ndi lenzi, ndipo selfie nthawi zonse imajambulidwa pa mtunda wa dzanja lanu. Cimene muona m'kagalasi cimayandikila cimene cidzatuluka. Kalenzi ka pafupi nakonso kali ndi nchito yeniyeni. Mini 9, imene inatuluka mu 2017, imayamba kuona bwino pa masentimita 60, ndipo kalenzi kake kamailola kujambula pakati pa masentimita 35 ndi 50. Koma dziwani kuti kamacotsa cimbuuzi cabe, sikakonza kalozedwe. Ndipo musanatulutse ndalama, yang'anani kamela yanu: Mini 9 ili kale ndi kagalasi, ndipo Mini 11 ya mu 2020 imajambula pafupi mukangokoka lenzi yake. Kugulila kamela zimenezi tuzida tomwe zili nato kale n'kutaya ndalama za filimu.

Cimene cimanidabwitsa n'cakuti vutoli linathetsedwa kalekale. Polaroid SX-70 ya mu 1972 inali kuonetsa wojambula cithunzi kudzela mu lenzi yeniyeniyo. Makamela ochipa anasiya njila imeneyo cifukwa imafuna magalasi ambili mkati. Mu 2023, Fujifilm inaika mu Mini 12 kawindo kamene kamasintha mukatembenuzila lenzi ku close-up. Ngati mukali kufuna kugula kamela ndipo mumakonda kujambula nkhope, sungani ndalama za tuzida muwonjezele pa imeneyo.

Amene muli ndi yakale, kabuku ka malangizo kamene ambili amataya pamodzi ndi bokosi kali ndi yankho laulele. Pojambula pafupi, kamela itaimilila, ikani kamzele kozungulila ka m'kawindo pamwamba pang'ono ndi kudzanja lamanja la cinthu cimene mufuna kuti cikhale pakati. Pa anthu oimilila, bwelelani m'mbuyo mapazi awili kapena atatu ndipo siyani mpata pamwamba pa mitu, maka-maka ngati mkwatibwi wamanga tsitsi lalitali.