Kutukwana ndi tchimo, koma kodi ndi mlandu?

Lero tiwerenge 2 Samueli 12.

Dzulo pa msika mayi wina anandionetsa foni yake. Mnzake wa chilimba anamulembera pa WhatsApp kuti ndi kawalala. Ati, "Manje nipita ku polisi, amugwire."

Lamulo lilipo ndithu. Linabwera mu 2021, ndipo mu Epulo 2025 a Pulezidenti Hichilema anasaina latsopano la milandu ya pa intaneti. Wina akakuopsezani kuti akuphani, akafalitsa zithunzi zanu zamaliseche, kapena akakuvutitsani usana ndi usiku, pitani ku polisi, musachedwe.

Koma mau onse owawa akakhala mlandu, ndani adzadandaula za ngalande zathu muno mu Garden mvula ikagwa? Natani anadzudzula mfumu Davide pamaso. Davide sanamumange, analapa.

Kutukwana ndi tchimo, inde, koma mankhwala ake oyamba ali pa Mateyu 18: kukaonana awiri. Ndinati, "Amai, yambani mwakhala pansi ndi mnzanu, muwerenge pamodzi buku la chilimba."

Ambuye, gwirani zala zathu tisanatumize uthenga. Amen.